Ukapeze Lachinayi Lako

Bindura, Lamulungu masana

Alinafe mwana wanga, amayi anga a Nabanda,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mapichesi ndi kope lako lakale lomwe unasiya masamba kumapeto. Iwe ndi amayi ako mwapita ku komboni ya Aerodrome kukaluka tsitsi, ndipo momwe ndimamudziwira mayi woluka uja ndi pakamwa pake, ndili ndi nthawi yolemba Baibulo lonse ndi buku la nyimbo lomwe. Usaseke zilembo zanga. Ndinalekezera Sitandade 3, koma anachita kundipempha okha aphunzitsi kuti ndisiye, poti ndikanapitiriza akanasowa ntchito ndi iwowo. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti umamva zonse, koma poyankha lilime lako limathawira ku Chishona ngati mbuzi yodula chingwe. Werenga pang'onopang'ono. Msewu wa ku Bulawayo ndi wautali, ndipo basi ikaima kufuna dizilo ukhoza kuwerenga kawiri.

Ukudabwa kuti munthu ngati ine, amene pakamwa sipatseka ngakhale ndili mtulo, ndalemberanji kalata mwana wogona naye nyumba imodzi. Chifukwa chake n'chomwecho. Katatu konse ndayesa kukuuza nkhaniyi pamaso, ndipo katatu konse yathera mu nthabwala. Ine ndimaponya, iwe umawakha, tonse timaseka, nkhani n'kuthawira pawindo. Pepala siliseka. Ndiye ndasankha pepala.

Amayi ako akulangiza kale zambiri: juzi, tchalitchi, anyamata a nsapato zosongoka, ndi kusabwereketsa poto. Zonsezo umvere. Langizo langa ndi limodzi lokha. Kusukulu ya anamwino komwe ukupitako, ukafufuze munthu amene ntchito yake ndi kumvetsera anthu, mlangizi wophunzira ntchitoyo, ukakhale naye pansi. Ndikuona kale momwe wakwezera nsidze. Tsitsa. Yamba wamva zolakwa za bambo ako, poti munthu wamkulu ngati ine ngakhale zolakwa zake zimakhala zazikulu.

Cholakwa choyamba ndinachichitira pansi pa nthaka, chaka cha chilala chija tinkadya ufa wachikasu, iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinali kapitawo kumgodi. Akaphulitsa miyala, fumbi n'kutsika, anthu salowa msanga. Amayamba kulowa kapitawo ndi mgwala, chitsulo chachitali kuposa munthu, n'kumagogoda denga. Mwala wabwino umayankha kuti ngwee, ngati belu. Woipa umati du, du, ngati ng'oma, chifukwa kuseri kwake kuli mphako, unalekana kale ndi unzake, ukungodikira mutu wa munthu. Ukauyang'ana ndi maso, yonse ndi yofanana. Khutu ndilo limadziwa. Ndipo khutu langa, mwana wanga, linkadziwika kuyambira ku Shamva mpaka ku Mazowe. Azungu ankabwera ndi makina awo, n'kuyeza, n'kulemba, kenako n'kufunsa kuti, kodi Banda wati chiyani?

M'gulu langa munali Gositino. Mwina ukumukumbukira, kabambo kakafupi ka ku Tete, kotsimphina mwendo wamanzere, mawu ngati wailesi yotha mabatire. Ndiye ankakubweretsera nzimbe. Anali sahwira wanga, monga amanenera anzathu Achishona: bwenzi lomwe mumatukwanana muli moyo, ndipo mmodzi akafa, wotsalayo ndiye woika maliro ndi kuseketsa anamfedwa. Tsiku limenelo ndinagogoda. Ngwee. Ngwee. Koma pakona, pamwamba penipeni pomwe Gositino ankati aboole, mwala unayankha mwina. Sinali ng'oma yeniyeni, komanso silinali belu. Ndinaima, ndinagogodanso.

Gositino kumbuyo kwanga anati, "Iwe Banda, ukuufunsira mbeta mwalawo? Ukavomera utiitane ku ukwati, ife tigwire ntchito."

Gulu lonse linaseka. Ine, munthu wosagonja pa nthabwala, ndinatsitsa mgwala n'kunena kuti, "Lowa, chitsiru iwe. Mwala sungagwere munthu wamfupi chotere, utopa usanakupeze."

Anaseka kuposa poyamba. Gositino analowa akuseka. Sipanathe nthawi yosuta ndudu imodzi.

Wamva, Alinafe? Khutu linandiuza, koma pakamwa panapambana.

Cholakwa chachiwiri ndinachichitira pa maliro ake, ndipo chimenechi anthu anandiombera m'manja. Monga sahwira ndinavala ovolosi ya malemu, yomwe inandilekeza m'mawondo, jombo zake, ndi chisoti chake chakale chomwe ankasunga kunyumba. Ndinatsimphina monga iye, ndinakalipira ana ndi mawu ake, ndinapempha fodya kwa aliyense mpaka kwa abusa. Anthu anaseka mpaka abusawo anaiwala vesi. Mariya, mkazi wa malemu, amene anali asanadye masiku awiri, anaphimba pakamwa ndi chitenje n'kuseka. Mpaka lero alipo madala amene amati sanaonepo maliro okoma ngati a Gositino. Mwambowo ndi wabwino, sindikuunyoza. Umapatsa anamfedwa mpweya. Koma mwambowo sufunsa kuti nanga woseketsayo akalirira kuti. Ovolosi ndinavula tsiku lomwelo. Gositino sindinamuvule. Chisoti chija ndinachibisa pansi pa sutukesi, ndipo munthuyo ndinayenda naye zaka khumi ndi chimodzi.

Ukukumbukira masewera athu a tsache? Tisanadye, ndinkatenga mpini wa tsache n'kugogoda denga la nyumba katatu, iwe ndi mchimwene wako Pitala mukuwerenga mokweza, kenako ndinkagogoda pamitu panu ndi chala n'kunena kuti, "Lolimba!" Munkaseka mpaka kutsamwa. Sanali masewera, mwana wanga. Sindinkatha kumeza chakudya pansi pa denga lomwe sindinaligogode. Kutchalitchi ndinkakhala pakhomo, ndimvekere ndikulondera njinga za Akhristu. Kumgodi ndinanama kuti mawondo afooka, anandichotsa pansi, kenako ndinasiyiratu n'kuyamba kukonza njinga pamtetete, pomwe denga lake ndi la Mulungu. Ndipo tsiku lina mphepo itamenyetsa chitseko m'manja mwa Pitala, ali ndi zaka khumi, ndinadzambatuka n'kumuwomba khofi lomwe mpaka lero dzanja ili limandifunsa. Mwanayo sanalire. Anangondiyang'ana. Ine ndinasandutsa nthabwala, ndinati ndimapha udzudzu pa tsaya lake.

Usaganize kuti sindinafune mankhwala. Ndinayamba ndi mowa, ndinamwa mpaka eni bala ankandipatsa moni wa apongozi. Unkandigonetsa, koma m'mawa Gositino ankakhala atadzuka kale akundidikira. Ndinapita kwa sing'anga, anati mzimu wa malemu ukufuna mbuzi yakuda. Mbuzi inapita, chiwindi anadya sing'angayo, mzimu sunalaweko n'komwe. Ndinakwera phiri kwa mneneri wa mkanjo woyera, anandipatsa botolo la madzi muli timiyala titatu. Tangoganiza, munthu woopa mwala kumupatsa miyala yoti azigona nayo kumutu! Anthu onsewa anandiuza zambiri. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa funso n'kudikira yankho.

Amene anandifunsa ndinakumana naye mwangozi. Inali nthawi ija maliro anali tsiku ndi tsiku ndipo aliyense ankalimbikitsidwa kukayezetsa magazi. Amayi ako poona kuti ndikuonda, tulo palibe, anaganiza zawozawo, anandigwira dzanja ngati mwana wa sikelo mpaka kuchipatala. Asanatenge magazi, amakulowetsa kaye m'kachipinda kuti ulankhule ndi mlangizi. Munali mipando iwiri, kalendala, ndi duwa m'chitini cha jamu. Pampando wina panali mayi wamfupi wa magalasi, Amai Shumba. Anakulira papulazi pakati pa anthu akwathu, ndiye Chichewa amachithyola bwino kuposa iwe.

Akufotokoza za magazi, ine maso ali kudenga.

"A Banda, mukuona chiyani kumwambako?"

"Ndikusirira penti, mayi. Anapaka ndi mngelo, koma anali atalawa."

Anaseka. Kenako anati, "Polowa mwagogoda khoma kawiri, ndipo mpando mwaukokera kukhomo. Munagwirapo kumgodi?"

Apo ndinati wandipeza pabwino. Ndinaimirira n'kumuchitira nkhani yonse ya Gositino, kutsimphina, mawu a wailesi, mbeta ya mwala, monga ndinkachitira kumowa. Anaseka pomwe pamafunika kuseka. Nditamaliza, ndikudikira m'manja, iye anavula magalasi n'kunena kuti, "Zvakanaka, chabwino. Tsopano mundiuzenso, koma Gositino akhale kaye pansi. Ndikufuna ndimve a Banda."

Alinafe, ine ndinalankhulapo pa ukwati mpaka mkwatibwi anatsala pang'ono kubereka mwana woyamba. Ndinatsutsanapo ndi wapolisi mpaka anandipepesa n'kundinyamulira njinga. Koma tsiku limenelo mawu anauma. Ndinatsegula pakamwa, munalibe munthu. Ndipo mayi uja sanandithandize. Sanatsokomole, sanayang'ane wotchi, sanatchule vesi. Anangokhala. Ali ndi chete wolemera kuposa ngolo ya miyala, koma ndi chete wosakukankha, wongokusungira malo. Ndinazindikira kuti mayiyu akugwira ntchito yanga yakale. Wagogoda, wamva ng'oma, ndipo iye sakusuntha chifukwa cha chiseko.

Magazi anapezeka abwino. Potuluka anati, "Magazi alibe kanthu. Koma bwerani Lachinayi."

Cholakwa chachitatu ndi chamanyazi, koma seka, ndakulola. Ndinabisa. Ndinauza amayi ako kuti Lachinayi lililonse ndapeza ganyu yokonza njinga kupulazi ina. Koma ndani amapita kukakonza njinga atavala shati yoyera, nsapato atapolisha? Amayi akowo, a Naphiri, si mwana. Lachinayi loyamba anangondiyang'ana. Lachinayi lachiwiri ananunkhiza shati. Lachinayi lachitatu ananditsatira chapatali atanyamula ambulera yaikulu ija ya chigwiriro chachitsulo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Tsiku limenelo ndi lomwe ndinakwanitsa kunena nkhaniyo ndi mawu anga. Inali yaifupi zedi. Ndinati, "Ndinamva kuti mwala si wabwino, ndipo ndinamuuza kuti alowe." Basi. Zaka khumi ndi chimodzi, mawu osadzaza ndi supuni yomwe. Nditatero ndinalira. Ndinalira mpaka mtsinje wa Mazowe unasefukira, ukafunse aliyense, chaka chimenecho anthu anakolola mpunga pamsewu. Amai Shumba anangondisunthira mpango, osanena kuti limbani mtima, osanena kuti mwamuna salira.

Potuluka, maso ali psuu, ndinapeza amayi ako pabenchi pakhomo penipeni, ambulera ili pamiyendo. Chitseko chija n'chopyapyala. Tinayang'anana.

Ndinati, "Njinga yake inali yovuta."

Iwo anati, "Khalani chete, bambo a Pitala. Ndinabwera kudzagulula mano a mkazi mnzanga." Anaima, anapukuta m'maso. "Kulira kumeneku ndakudikira zaka khumi ndi chimodzi. Tiyeni kunyumba."

Anatambasula ambulera ija n'kundifunditsa padzuwa, msewu wonse anthu akutiyang'ana. Limenelo ndilo denga loyamba lomwe ndinalowa pansi pake osagogoda. Amayi ako ndi munthu wamkulu, Alinafe. Usawauze kuti ndatero, angayambe kudzimva.

Ndikuuze zomwe mayi uja ankachita, kuti usaganize kuti ndi matsenga kapena kungocheza. Sanandipatse piritsi, sanapemphe mbuzi. Ndipo sanandinamize. Ndinkayembekeza kuti anena kuti si mlandu wanu, ndipo akanatero sindikanabwereranso, poti ndikudziwa zomwe khutu langa linamva. M'malo mwake anajambula mwala papepala n'kundipatsa pensulo. Anati, "Tiugawe. Mitengo yochirikiza denga inali itafika sabata imeneyo?" Inali isanafike. "Amene ankakufulumizitsani anali ndani?" Analipo. "Gositino anali ndi zaka zingati pansi pa nthaka? Analibe makutu akeake?" Anali nawo, aakulu ngati a mleme. "Nanga mwalawo, munaung'amba ndinu?" Tinagawa, tinagawa, mpaka panatsala chidutswa changa. Sichinali chaching'ono, koma chinali choti munthu n'kunyamula. Anati, "Ichi nyamulani, n'chanu. Zinazi tulani, mwasenzera anthu nthawi yaitali."

Anandiphunzitsanso tinthu tooneka tachibwana. Chinthu chikagunda padenga mtima n'kuyamba kuthamanga, ndiponde pansi ndi mapazi onse, ndipume pang'onopang'ono, nditchule zomwe ndikuona: tebulo, kapu, mkazi wanga wokongola wokwiya. Ankandipatsa ntchito ya kunyumba ngati mwana wa sukulu. Sabata ino mudye kamodzi osagogoda. Sabata ino mukhale benchi lachiwiri kuchokera kukhomo la tchalitchi. Zina ndinkalephera, ndinkabwerako ndi nthabwala, iye ankaseka n'kudikira kuti ithe, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga pansi pa nthabwalayo pali chiyani?" Pofika nyengo ya mvula ndinali pa benchi lakutsogolo, ndikuimba mpaka akwaya anakadandaula kwa abusa. Ndipo tsiku lina ndinamuitana Pitala, ali kale ndi ndevu, n'kumupepesa za khofi lija popanda udzudzu. Anati, "Ababa, ndimadziwa kuti simunkamenya ine." Ndikuthokoza Mulungu ndi Amai Shumba kuti mawu amenewo ndinawanena nthawi ilipo.

Ntchito yovuta kuposa zonse inali ya chisoti. Mayi uja sanandilamule, anangofunsa kuti, "Chisoticho mwini wake ndani?" Ndinapalasa njinga mpaka ku Jumbo Mine komwe Mariya amakhala ndi mwana wake wamkulu. Ndinamupeza akusenda nandolo. Ndinaika chisoti pamphasa, ndinagwada, ndinanena mawu anga aafupi aja. Ndinkayembekeza mbale kumutu. Mariya anatenga chisoticho, anachipukuta ndi chitenje, n'kunena kuti, "Achimwene, anzanu a m'gulu anandiuza sabata yomweyo. Mwamuna wanga ndinkamudziwa, ngakhale mukanagona pakhomo akanakudumphani. Mukuganiza kuti pa maliro paja ndinaseka chifukwa munkaseketsa? Ndinaona nkhope yanu pansi pa chisotichi. Ndinati ndikapanda kuseka, bambo awa agwa."

Tangoganiza. Ine katswiri, ndinkati ndanyamula mayi wamasiye, chonsecho wamasiyeyo ndiye anandinyamula ine. Tinalira tonse, nandolo n'kulowa mchere wokwanira.

Anthu analankhula, usaganize kuti sanalankhule. Ena anati Banda ali pa mapiritsi, ena anati wazungulira mutu. Mdala wina pamsika anandifunsa kuti, "Mwamuna mzima, ndevu zonsezi, ukakhalira kulira kwa mzimayi?" Ndinati, "Mdala, dzino likakuwawa umapita kwa wozula mano kapena umaliimbira nyimbo?" Analibe mano oyankhira.

Tsopano ndafika pa iwe. Usapinde kalatayi. Ndikukuona, chala chili kale pakona.

Papita chaka ndi miyezi iwiri chigwere dzenje la golide la ku Kitsiyatota pa Pitala. M'mawa umenewo ndinali pakhonde ndikumata chubu. Unatuluka ukumuthamangitsa chifukwa anadya buledi wako n'kutenganso sopo wako wonunkhira. Iye ali pa njinga, fosholo kumsana, unakuwa kuti, "Pita, wakuba iwe, dzenje likumeze!" Iye anatembenuka akuseka n'kunena kuti, "Likandimeza udzandikumbe ndi supuni!" Umaganiza kuti palibe anamva. Ndinamva, mwana wanga. Ndipo ndinaseka nawo, poti m'nyumba mwathu ndi momwe timanenera kuti ndimakukonda, uyende bwino.

Pa maliro unali ngati anthu khumi. Unaphika, unatunga madzi, unalandira alendo, unanditsanzira ine kuyenda kwanga mpaka amayi ako anaseka n'kulandira phala. Aliyense anati, a Banda, muli ndi mwana wolimba. Ndipo ndi zoona, ndinanyada, ndikunyadabe. M'Bindura yense mulibe mtsikana wamutu ndi wamtima ngati iwe, ndipo sindikunena chifukwa unafanana nane, ngakhale zimenezo zinakuthandiza kwambiri. Ine pa maliro amenewo ndinalira poyera ngati mwana, madoda mpaka anayang'ana kumbali. Unaganiza kuti ndi ukalamba. Sunali ukalamba, anali maphunziro. Ndipo sabata yotsatira ndinabwerera ku Lachinayi langa, mpaka pano ndimapitabe mwa apo ndi apo.

Koma iwe sunalire. Ndakhala ndikukumvetsera chaka chonse ndi khutu lija. Umaseka mokweza kuposa kale. Ukatumidwa kutauni umazungulira njira yaitali kuti usaone msewu wa ku Kitsiyatota. Sopo wonunkhira uja sunagulenso. Bwalo umasesa mpaka latsika, nkhuku zikuchita kufuna makwerero. Ndipo chichokere Pitala sunanenepo munthu aliyense mawu achipongwe, ngakhale ine amene ndimakuputa dala tsiku ndi tsiku. Umaseketsa, koma sutukwananso mwachikondi, ukuopa pakamwa pako. Anthu akuona mwala wosalala. Ine ndagogoda, Alinafe, ndipo ndikumva ng'oma.

Kamodzi m'moyo wanga ndinamva kulira kumeneko n'kulola chiseko chinditsitsitse mgwala. Sindibwerezanso.

Cholakwa changa chachinayi ndi chakuti ndadikira mpaka tsiku lomaliza. Ndinamufunsa Amai Shumba kuti ndikunyamule ndikutule pampando wake. Anati, "Munthu sanyamulidwa kubwera kuno. Muuzeni nkhani yanu, yakeyo adzaitula yekha." Nkhani yanga ndi imeneyi, ndakuuza. Ndikhoza kulemba pano kuti mawu ako sanagwetse dzenje, kuti linagwa chifukwa cha mvula ndi dothi lofewa, ndipo ndi zoona zenizeni. Koma ndikudziwa kuti sizilowa, poti zanenedwa ndi bambo ako amene amakukonda. Pafunika munthu wapadera, wosakudziwa, wosaopa misozi yako, woti akupatse pensulo mugawe mwalawo. Ndikhulupirira kuti chidutswa chako chidzapezeka chochepa kuposa buledi anakubera uja. Koma ukachipeze wekha.

Ndiye tamvera. Amai Shumba akuti m'masukulu a anamwino ndi m'zipatala zazikulu alangizi sasowa, ukangofunsa kwa amene amayang'anira ophunzira adzakulozera chitseko. Usadikire kuti zifike poipa. Denga amaligogoda lisanagwe. Woyamba ukapanda kugwirizana naye, usanene kuti zonsezi n'zachabe, ukafune wina. Jombo yoyamba kuyesa si nthawi zonse imakwana. Nthabwala ukanene, ndi chuma cha banja lathu, tilibe ng'ombe. Koma ikatha nthabwalayo usaimirire. Ukakhalebe pampando, ukapirire chete uja. Mankhwala ali pamenepo.

Ndikudziwa kuti kutchalitchi kwanu kwa magitala anakupempherera, anadzudzula mzimu wa chisoni, iwe n'kunena kuti aleluya ndamasulidwa. Pemphera, usasiye. Koma Mulungu amene analenga bondo logwadira ndi yemweyo analenga khutu, ndipo anthu ena anawapatsa makutu ophunzira. Kupita kwa iwo si kuchepa chikhulupiriro, ndipo si misala. Komanso iwe ukukaphunzira kusamala odwala. Udzagwira manja a anthu akutsirizika, udzauza amayi nkhani zoipa m'makhonde a chipatala. Udzawasungira pati malo ngati mwako muli modzaza kale? Ine nditatula katundu wanga ndi pomwe ndinayamba kumva anthu ena. Pano amabwera ndi njinga yabwinobwino, ati tayala likulira, chonsecho akulira ndi iwowo. Ndimawamvetsera pang'ono, kenako ndimawalozera kwa mwini ntchito.

Ndikumva mawu a amayi ako kumsewu, akukangana ndi wogulitsa tomato, ndiye ndimalize. Kalatayi ndiika m'thumba la juzi lako lofiira. Mawa pokwera basi ndidzachita zanga zonse, ndidzauza kondakitala kuti wanyamula dokotala wamkulu wa dziko lino, ndidzakuchititsa manyazi mokwanira. Basi ikamanyamuka ndidzagogoda katatu pansi pa windo lako. Pomwe ukuwerenga pano wamva kale, ndipo mwina unaseka poganiza kuti ndi masewera akale aja. Koma ukakumbukira bwino, sindinanene kuti "lolimba". Sindinaiwale. Mawuwo ndakusungira.

Sindikufuna kalata yaitali yonena za nyengo ya ku Bulawayo. Undilembere mzere umodzi, m'Chichewa chako chothyokathyokacho, ngakhale patapita miyezi: "Ababa, ndapeza Lachinayi langa." Ukadzabwera pa Khirisimasi tidzatenga njinga ziwiri, tidzadutsa msewu wa ku Kitsiyatota, tidzaima pomwe panali dzenje lija. Supuni ndidzanyamula ine. Ukadzafuna kumutukwana mchimwene wako chifukwa cha sopo, udzamutukwane mokweza, ndipo ukadzafuna kulira ndidzakhala chete. Inde, ine, chete. Ndinaphunzira kwa katswiri. Tikadzatero ndidzagogoda pamutu pako, ndipo ndidzanena zomwe khutu langa lidzamve.

Ndine bambo ako, khutu la Bindura yense, amene anakupatsa nzeru ndi kukongola n'kutsala nazo zambiri,

Banda